MBIRA ZA MADOTOLO NDI MMENE AMAZISUNGIRA

M'midzi yambiri ya dziko lathu lino muli anthu oweta mbira. Ena amazisiya m'khitchini kuseri kwa mbiya, ena amazimangira kakhola pakhonde, ndipo kawirikawiri ntchito yozithyolera udzu imakhala ya ana. Tsiku lofika mlendo, imodzi imasanduka ndiwo. Koma ndi ochepa amene amadziwa kuti kanyama komweka kanagwira ntchito yaikulu pofunafuna mankhwala amene timalandira m'zipatala, ndi kuti m'maiko ena muli malamulo olembedwa onena za kukula kwa khola lake, za chakudya chake, ngakhalenso za anzake okhala nawo. Mwezi uno tiphunzira nkhani imeneyi. Aphunzitsi angathe kuiwerenga pamodzi ndi ana a makalasi akuluakulu.

KWAO KWA MBIRA

Poyamba tisiyanitse. Mbira imene tikunena pano si ija ya m'matanthwe, ya m'nthano, imene inasowa mchira chifukwa chotuma anzake. Dzina ndi limodzi, koma ubale palibe. Mbira yowetayi ili m'fuko la makoswe ndi mbewa. Kwao ndi ku South America, m'mapiri a Andes, m'maiko a Peru, Bolivia ndi Ecuador, kumene anthu anayamba kuiweta zaka zikwi zingapo zapitazo, ndipo mpaka lero amaidya. Amalonda a pa zombo ndiwo anaitengera ku Ulaya m'zaka za m'ma 1500.

Abale ake a kutchire amakhala m'timagulu, m'udzu wowirira, ndipo amayenda m'tinjira ta kunsi kwa udzuwo. Sakwera mitengo, sadumpha patali, ndipo alibe nyanga kapena zikhadabo zoopsa nazo mdani. Mphamba akauluka pamwamba, chida chao ndi chimodzi chokha, kuthamangira pobisala.  Zimenezi muzisunge bwino, pakuti phunziro lathu lonse lagona pamenepa.

NTCHITO IMENE MBIRA INATIGWIRIRA

Pa 24 Marichi 1882, dotolo wa ku Germany dzina lake Robert Koch analengeza mu mzinda wa Berlin kuti wapeza kachilombo koyambitsa chifuwa chachikulu. Umboni wake wambiri anaupeza pa mbira, chifukwa mbira imatenga nthendayi msanga zedi. Tizilombo towerengeka chabe n'tokwanira kuidwalitsa. Kuyambira pamenepo, kwa zaka zambiri, madotolo akakayika ngati munthu ali ndi chifuwa chachikulu ankatenga makhololo ake, n'kubaya nawo mbira, n'kudikira milungu isanu ndi umodzi kapena kupitirira kuti aone ngati mbirayo idwale.

M'chaka cha 1907, ku Norway, anzeru awiri, Axel Holst ndi Theodor Frølich, anadyetsa mbira mbewu zouma zokhazokha popanda masamba. Posachedwa mbirazo zinadwala chiseyeye, nthenda ija yotulutsa magazi m'nkhama imene inkapha amalinyero ambiri pa maulendo aatali a panyanja. Mbira zimene anazipatsako kabichi wamuwisi kapena madzi a mandimu sizinadwale. Kumeneku kunali kuyamba kwa njira yopezera vitamini C. Akanasankha makoswe sakanaona kanthu, pakuti khoswe amadzipangira yekha vitaminiyu m'thupi mwake. Mbira singathe, monganso munthu sangathe.

Mu 1944, ku Mayo Clinic ku America, William Feldman ndi Corwin Hinshaw anayesa mankhwala atsopano otchedwa streptomycin pa mbira zodwala chifuwa chachikulu, ndipo anaona kuti nthendayo ikugonja. Amenewa ndiwo anakhala mankhwala oyamba othandizadi pa nthendayi. M'zaka za m'ma 1950, ku Baltimore, William Wells ndi Richard Riley anakoka mpweya wa m'chipinda cha odwala ndi mipope, n'kuupititsa m'makola a mbira zoposa 100. Mbirazo sizinakhudzane ndi wodwala aliyense, koma zina zinatenga nthendayo, ndipo zinadziwika poyera kuti chifuwa chachikulu chimayenda mumpweya. Njira yomweyi anaibwereza ku eMalahleni, ku South Africa, ndipo mu 2012 analengeza kuti odwala akavala zophimba pakamwa ndi pamphuno, kupatsirana kumatsika ndi 56 pa 100 alionse.

Tsono mukaona mbira ikutafuna kholowa pakhonde panu, musaipeputse.

NYAMA YOVUTIKA SINGAYANKHE ZOONA

Nyumba zimene anzeru amayeseramo zinthu zotere zimatchedwa labotale. Kale, m'malabotale ambiri mbira zinkasungidwa m'timakola ta chitsulo tosanjikizana ngati mashelefu a m'sitolo. Pansi pake panali waya wa sefa kuti zitosi ndi mkodzo zizigwera m'mbale. Munalibe udzu, munalibe pobisala, ndipo nthawi zina mbira inkakhala yokhayokha. Ogwira ntchito ankatikonda timakolati chifukwa tinali tosavuta kutsuka.

Koma taganizani za mbirayo. Kunsi kwa mapazi ake kulibe ubweya, ndipo mbira yaikulu imalemera magalamu 700 mpaka 1,200. Ikaima pa waya usana ndi usiku, mapazi amatupa n'kuchita zilonda zosapola msanga. Ana ake amalowetsa timiyendo m'mabowo a waya n'kuthyoka. Chitseko chikamenyeka, mbira zonse zimathamanga mozungulira, kusowa kolowa, ndipo zazikulu zimaponda zazing'ono.

Pano pali zoipa ziwiri. Choyamba ndi nkhanza. Chachiwiri n'chakuti nyama yamantha ndi yopweteka thupi lake siliyenda monga mwa nthawi zonse: mtima umagunda msanga, chakudya sichilowa, ndipo mphamvu yolimbana ndi matenda imachepa. Dotolo akaipatsa mankhwala n'kuona kuti yaonda, adziwa bwanji ngati yaonda ndi mankhwalawo kapena ndi khola? Ali ngati mlimi amene wafesa mbewu yatsopano pa thanthwe, n'kumauza anzake kuti mbewuyo ndi yachabe. Ndipo yankho lonama likafika ku chipatala, wovutika ndi munthu wodwala.

Mu 1959, anzeru awiri a ku Britain, William Russell ndi Rex Burch, analemba buku limene linasintha maganizo a anthu ambiri pa nkhani imeneyi. Iwo anaphunzitsa kuti pamene pali njira ina yopezera yankho, nyama isagwiritsidwe ntchito konse. Pamene njira ina palibe, nyama zikhale zochepa monga kungathekere. Ndipo zochepazo zisungidwe ndi kugwiridwa mosazivutitsa. Poyamba bukulo silinasamalidwe kwenikweni, koma lero mfundo zitatuzi zinalowa m'malamulo a maiko ambiri.

KHOLA LABWINO

Lamulo la maiko a European Union la chaka cha 2010 limanena kuti khola la mbira zazikulu lisachepere malo ofanana ndi masentimita 50 m'litali ndi 50 m'lifupi, ndiye kuti pafupifupi mkono umodzi uku ndi uku, ndipo msinkhu wake usachepere masentimita 23, amene ndi mainchesi 9. Mbira zikachuluka, malo ayenera kuwonjezeredwa pa mbira iliyonse malinga ndi kulemera kwake. Kunena zoona, muyeso umenewu ndi wochepa. Ndi malire a pansi chabe, osati khola loti munthu anyadire. Malabotale osamala amasunga mbira zao m'makola aakulu a pansi, okhala ndi makoma aafupi opanda denga, pakuti m'nyumba yotseka bwino mbira sifuna chivundikiro. Siingakwere khoma lofika m'maondo.

Pansi payenera kukhala posalala ndi polimba, poyalidwa zouma zomwa mkodzo, monga zopala za matabwa zopanda fumbi. Zimenezi amazisintha kawirikawiri, chifukwa mbira imakodza kwambiri, ndipo fungo la mkodzo wokhalitsa limawononga mapapo ake.

Koma chachikulu koposa ndi pobisala. Kale anthu ankaona kuti mbira zikaikidwa m'khola lalikulu zimangoyenda m'mbali mwa khoma, pakati osapondapo. Ena anati, “Taonani, malo ambiri sizikuwafuna, khola laling'ono n'lokwanira.” Kumeneku kunali kuwerenga molakwa. Mbira inkaopa pakatipo chifukwa panali pambalambanda, ndipo kwa mbira pambalambanda ndi pa mphamba, ngakhale m'nyumba imene mphamba sanaloweko chikhalire. Ataikamo timabokosi ndi mapaipi aakulu pakati pa khola, mbira zinayamba kuyenda ponseponse, kuchoka pa kabokosi aka kupita pa kena. Pobisalapo payenera kukwanira mbira zonse nthawi imodzi, ndipo n'kwabwino kuti kabokosi kakhale ndi makomo awiri, kuti yaukali ikatseka khomo lina, yofooka itulukire linalo.

Mbira sikhala yokha. Imalankhulana ndi zinzake ndi malikhweru ndi kung'ung'udza, ndipo ikakhala ndi inzake yozolowerana nayo siichita mantha kwambiri pamalo achilendo. Ku Switzerland, kuyambira 2008, lamulo limaletsa kuweta mbira imodzi yokha. Zazikazi zimakhala bwino m'magulu. Zazimuna zimakhala bwino ziwiriziwiri, makamaka zikakulira pamodzi ndipo pafupi palibe yaikazi. Wanzeru wina wa ku Münster ku Germany, Norbert Sachser, anapeza kuti yaimuna yokulira m'gulu imaphunzira mwambo: ikakumana ndi yachilendo imadziwa nthawi yogonja, ndipo mkangano sukula. Koma yokulira kopanda amuna anzake imayamba ndewu, n'kuvutika kwambiri. Aphunzitsi sadzadabwa nazo zimenezi.

Kutentha nakonso ndi mdani. Mbira ndi nyama ya kumapiri kozizirira, ndipo siituluka thukuta. Kukatentha kufika madigiri 30, ingathe kufa tsiku lomwelo, makamaka ya bere. M'malabotale amasunga chipinda pa madigiri 20 kapena pafupi ndi pamenepo.

ZAKUDYA

Mbira ili ndi mano 20, ndipo onse amakula moyo wake wonse. Chimene chimawaperesa ndi kutafuna udzu. Ikasowa udzu, mano a m'kati amatalika n'kupinda pamwamba pa lilime, ndipo mbira imafa ndi njala chakudya chili pamaso pake. Mbira zosowa udzu zimayambanso kudyerana ubweya. Choncho m'labotale yabwino mumakhala mulu wa udzu wouma nthawi zonse, umene amayamba authyetsa kaye m'makina a nthunzi kapena kuupha tizilombo mwa njira ina. Udzuwo umagwira ntchito zitatu: ndi chakudya, ndi pobisala, ndiponso ndi chotangwanitsa, pakuti mbira zimakonda kubowola tinjira m'kati mwake.

Za vitamini C tanena kale. Mbira yolemera kilogalamu imodzi imafuna mamiligalamu 10 kapena kuposerapo tsiku lililonse, ndipo ya bere imafuna ochuluka kuposa pamenepo. Ikamanidwa, pakangotha milungu iwiri kapena itatu imayamba kutsimphina, ubweya umanyankhalala, mfundo zimatupa. Chakudya cha m'matumba chopangira mbira amathiramo vitaminiyu, koma amatha mphamvu thumba likakhalitsa, n'chifukwa chake osunga nyama amayang'ana tsiku limene chinapangidwa. Madzi oyera asasowe. Ena amaganiza kuti mbira simwa madzi, koma imamwa, makamaka pamene ikudya zouma.

Chinthu china chodabwitsa n'chakuti penisilini, amene wapulumutsa anthu osawerengeka, amapha mbira. Amawononga tizilombo tabwino ta m'matumbo mwake, ndipo imatsekula m'mimba mpaka kufa. Mwamwayi, Howard Florey ndi Ernst Chain a ku Oxford anamuyesa pa mbewa mu 1940, ndipo mbewa zimene zinalandira mankhwalawo zinakhala moyo pamene zinzake zinafa. Inu oweta mbira, musazipatse makapisozi otsala a munthu. Funsani alangizi a ziweto.

MAKOSWE NDI MBEWA

Masiku ano nyama zochuluka m'malabotale si mbira ayi, koma mbewa ndi makoswe. Ku America m'zaka za m'ma 1960 ankagwiritsa ntchito mbira zoposa mamiliyoni awiri pa chaka, koma chiwerengerocho chinatsika kwambiri. Tikudziwa kuti owerenga ena aseka akamva zoti khoswe, mdani wa nkhokwe, amamumangira nyumba yabwino. Koma amenewa ndi makoswe ndi mbewa zobadwira m'labotale kwa mibadwo yambirimbiri, zambiri zoyera mbee, zimene sizinalaweko chimanga cha munthu. Mbewa zake si zija anyamata amakumba m'chilimwe. Ndi mtundu wa m'nyumba.

Mu 1947, Donald Hebb wa ku McGill University ku Canada ananena za makoswe ena amene anawatengera kunyumba kwake kuti ana ake aziwaweta. Makoswewo ankayenda m'nyumba momasuka. Atawabwezera ku labotale n'kuwayesa pa tinjira tosokoneza, anapambana anzao okulira m'khola. Mu 1964, Marian Diamond ndi anzake ku Berkeley anasonyeza kuti khoswe wokulira pamodzi ndi anzake, m'khola lokhala ndi zokwera ndi zoseweretsa, ubongo wake womwe umasintha: gawo la kunja limakhuthala pang'ono kuposa la khoswe wokulira yekha m'khola lopanda kanthu. Khoswe amakonda kuimirira ndi miyendo ya kumbuyo, kukwera ndi kukumba. Lamulo la ku Ulaya lija limalola khola la masentimita 18 m'mwamba, koma khoswe wamkulu sangaimirire mowongoka m'menemo, ndipo chifukwa cha ichi malabotale ena anayamba kugula makola a nsanjika.

Mbewa chake ndi masa. Akulu anati mbewa zikachuluka siziika masa, koma m'makola akale ngakhale mbewa imodzi siinkatha kuika, chifukwa inalibe choikira. Chipinda cha madigiri 21, chimene munthu wovala malaya a ntchito amachimva bwino, kwa mbewa n'chozizira, pakuti iyo imamva bwino pafupi ndi madigiri 30. Ikapatsidwa timapepala tofewa todzaza kadzanja, imamanga chisa chobulungira n'kudzifunditsa yokha. Osunga nyama amayang'ananso chisacho m'mawa, chifukwa mbewa yodwala imaleka kumanga. Potsuka khola la mbewa zazimuna amasamutsako masa akale pang'ono, kuti fungo lao lisatayike, ndipo ndewu zimachepa.

Kagwiridwe nakonso kanasintha. Kwa zaka zambiri mbewa inkanyamulidwa ndi mchira. Mu 2010, Jane Hurst ndi Rebecca West a ku University of Liverpool anasonyeza kuti mbewa zonyamulidwa chotero zimakhala zamantha ndipo zimathawa dzanja la munthu, pamene zonyamulidwa m'kapaipi kapena pachikhatho zimabwera zokha. Mbira imanyamulidwa ndi manja awiri, lina pansi pa chifuwa, lina kuchirikiza kumbuyo, makamaka ya bere, imene imalemera kwambiri chifukwa bere lake limatha miyezi iwiri ndi masiku angapo, ndipo ana amabadwa aakulu, aubweya, maso ali otsekula.

MALAMULO NDI FUNSO LOVUTA

Britain inakhazikitsa lamulo loyamba loyang'anira zoyesa pa nyama mu 1876, ndipo lina linalowa m'malo mwake mu 1986. Kumeneko pamafunika zilolezo zitatu: cha malo, cha ntchito yoti ichitike, ndi cha munthu woichita. Labotale iliyonse iyenera kukhala ndi dotolo wa ziweto wake. Ku America lamulo la 1966 limateteza mbira, koma makoswe ndi mbewa zobadwira m'labotale silizitchinjiriza, ngakhale ndizo zochuluka. Zimenezo zimayang'aniridwa ndi malangizo ena.

Tisabise mawu. Ngakhale khola likhale labwino chotani, nyama zambiri za m'labotale zimabayidwa, zina zimadwalitsidwa dala, ndipo pomaliza zimaphedwa. Pali anthu amene amanena kuti zimenezi ziyenera kulekeka kotheratu, ndipo mawu ao si opusa. Ife tikuona kuti amene mwana wake anachira chifuwa chachikulu sangakane kuti ntchitoyo inathandiza. Komanso amene anathandizidwa ali ndi ngongole, ndipo sangabweze ngongoleyo ndi khola la waya. Chokondweretsa n'chakuti ntchito zina zimene mbira inkafera zinapeza njira ina. Makina otchedwa GeneXpert, amene bungwe la World Health Organization linawavomereza mu 2010, amapima makhololo n'kupereka yankho pa maola awiri, ndipo amapezeka m'zipatala za maboma m'Malawi muno. Milungu isanu ndi umodzi ija inatha, ndipo mbira siifanso pa ntchito imeneyo.

KWA OWETA MBIRA NDI APHUNZITSI

Zimene anzeru anaphunzira ndi ndalama zambiri, inu mungazichite popanda kugula kanthu. Khola likhale pamthunzi, kutali ndi malata otentha, ndipo likhale lotchinga agalu, amphaka ndi makoswe, pakuti pamudzi si pa labotale. Pansi muyale udzu wouma kapena makoko a chimanga, ndipo muzichotsa akanyowa. Ndi manyowa abwino a kudimba. Muzizipatsa udzu wambiri, nsenjere zanthete, kholowa, chisoso, kabichi, ndi kagawo ka gwafa mwa apo ndi apo. Madeya okha sakwanira, ndipo amabweretsa chiseyeye chija cha ku Norway. Masamba a mbatata ya kachewere ndi a matimati musazipatse. Musaziphatikize ndi akalulu, chifukwa kalulu angathe kusunga kachilombo ka m'chifuwa kamene iye sikamudwalitsa koma mbira kamaipha. Tiana tatikazi muzitipatula kwa amuna tikangoleka kuyamwa, pa milungu itatu, pakuti timatenga bere tili tating'ono kwambiri. Ana azisamba m'manja akagwira mbira, makamaka yothothoka ubweya, chifukwa zipere zimapatsirana.

Pa sukulu pamene pali mbira, aphunzitsi ayese ichi. Tsiku loyamba ana akhale chete pambali pa khola kwa mphindi 15, ndipo pa mphindi iliyonse alembe m'makope ao mbira zingati zili m'mbali mwa khoma ndi zingati zili pakati. Madzulo ake muike pakati pa khola mbiya yosweka yovundikira, yokhala ndi polowera, kapena katoni yobowola mbali ziwiri, ndi mulu wa udzu wouma pafupi pake. Mudikire masiku atatu, chifukwa mbira imayamba yaopa chinthu chachilendo. Tsiku lachinayi ana awerengenso pa ora lomwe lija, n'kuyerekeza manambala a masiku awiriwo pa bolodi.